Za Pakhomo Pathu: Zipatso Zithandize Nkhuku pa Khirisimasi

Mwezi wa Disembala wafika, ndipo m'makomo ambiri amayi ayamba kale kuwerengera ndalama za mpunga ndi nkhuku. Ana a kusukulu zogonera abwerako, achibale a m'tauni nawonso atumiza mawu kuti tiwayembekezere. Nkhuku ndi imodzi, odya ndi khumi, ndipo fizi ya mu Januwale ikudikira. Komatu m'mwezi womwewu mango akuolera patsinde, ndipo zinanazi za ku Mulanje zadzaza m'misika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chifukwa chake mwezi uno tikambirana za mphika wa zipatso wotsekemera ndi wa mchere womwe, umene umadyedwa pamodzi ndi mpunga ndi nyama, kuti nkhuku imodzi ija ikwanire banja lonse popanda ngongole.

Chakudya chimenechi n'chodziwika kwambiri kumwera kwa dziko la United States. Kumeneko, pa Pasaka ndi pa Khirisimasi, mabanja amaphika mu uvuni chinanazi cha m'zitini chosakaniza ndi shuga ndi tchizi, pamwamba atawazapo mabisiketi a mchere ophwanyaphwanya, monga a Ritz amene anayamba kugulitsidwa mu 1934. Ena amasakaniza mapichesi ndi zinanazi, nathiramo batala, shuga ndi kale, zokometsera zachikasu zija zochokera kwa Amwenye. Sachisunga kuti adye pomaliza monga keke ai. Amachiika pambali pa nyama ya nkhumba ya mchere.

Wina anganyansidwe pomva za chipatso chothira mchere ndi anyezi. Koma tikumbukire futali, mmene mbatata yotsekemera imakomera ikakumana ndi nsinjiro ndi mchere. Tikumbukirenso abale athu a ku Karonga amene amaphika nthochi pamodzi ndi nyama. Nzeru yake ndi yomweyo. Mchere pang'ono umadzutsa kutsekemera kwa chipatso, ndipo kuwawasa kwa chinanazi ndi ndimu kumachepetsa kukola kwa mafuta a nyama. Shuga akachuluka mphika usanduka jamu, ndipo alendo adzausiya m'mbale. Tsono luso lonse lili pa kulinganiza zitatuzi: kutsekemera, mchere ndi kuwawasa.

Anzathu a ku America amagula zitini chifukwa Khirisimasi yawo imafika m'nyengo ya chisanu. Ife zipatso tili nazo zongothyola kumene. Zofunika za anthu 8 ndi izi:

Chinanazi 1 chachikulu, chakupsa bwino
Mango 4 a maboloma, okhwima koma olimba
Anyezi 1 wamkulu
Majarini, masupuni aakulu 3
Shuga, masupuni aakulu 2
Ufa wa tirigu, supuni yaikulu 1
Kale, supuni yaing'ono 1
Mchere, theka la supuni yaing'ono
Ndimu 1
Nyenyeswa za buledi wadzulo, kapu 1
Mtedza wokazinga wosinja pang'ono, theka la kapu

Pogula chinanazi tinunkhize kutsinde kwake. Ngati sichikununkhira tichisiye, pakuti chinanazi chikathyoledwa sichionjezeranso kutsekemera monga amachitira mango ndi nthochi. Mango ofewa kwambiri tiwapatse ana. Mu mphika tifuna olimba, amene sangasungunuke pamoto. Mtedza tiusankhe bwino, ndipo wonse wa chuku ndi wofota titaye, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene sachoka ngakhale tikazinge.

Poyamba tisende zipatso ndi kuzidula zidutswa zazikulu ngati chala chamanthu. Tiwazemo mchere uja ndi kuzisiya mphindi 15, kenaka titsanule madzi amene atuluka. Tikapanda kutero, mphika udzadzaza madzi ndipo zapamwamba zidzanyowa. Madziwo tisataye, tithire mu msuzi wa nkhuku pamene ukuwira.

Kenaka tikazinge anyezi mu masupuni 2 a majarini pamoto wochepa mpaka afewe, asapserere. Tithiremo kale ndi kutakasa mphindi imodzi yokha, pakuti fungo lake limatuluka bwino m'mafuta otentha. Tiphule, ndipo tisakanizemo zipatso, shuga, ufa wa tirigu ndi madzi a ndimu. Ufawo ndiwo umagwira msuzi kuti ukhale wapotopoto. Apa tilawe. Ngati kutsekemera kwapambana tionjezere ndimu. Ngati kuwawasa kwapambana tionjezere shuga pang'ono.

Tikhuthulire zonsezi m'mbale yophikira kapena mu sefuliya yodzoza mafuta. Majarini otsala aja tisungunule, tisakanize ndi nyenyeswa za buledi ndi mtedza, ndipo tiwaze pamwamba ponse. Amene ali ndi tchizi angapale theka la kapu n'kusakaniza ndi zipatso, koma popanda tchizi mtedza ukwanira. Mu uvuni tiphike pa madigiri 180 kwa mphindi 35, osavundikira. Amene tilibe uvuni tichite monga pophika chigumu: makala ochepa pa mbaula, ambiri pa chivundikiro. Moto wapansi ukakula shuga amapserera, ndipo mphika wonse umawawa. Chapsa pamene pamwamba pafiira ndipo msuzi ukubwata m'mbali. Tikaphula tidikire mphindi 10 kuti msuzi ugwirane.

Pali machenjezo awiri. Loyamba: chinanazi chosaphika chili ndi mphamvu imene akatswiri amaitcha bromelain, imene imafewetsa nyama, ndipo ndiyo imaluma lilime tikadya chambiri. Moto umaithetsa mphamvuyi. Tsono tisanyike nkhuku m'madzi a chinanazi usiku wonse, ingakhale phala. Nkhuku iphikidwe payokha, zidzakumana m'mbale. Lachiwiri: zotsala zisagone mu sefuliya ya aluminiyamu, chifukwa kuwawasa kwa zipatso kumadya chitsulocho ndi kusintha kukoma. Tiziike m'mbale yadothi kapena yapulasitiki, ndipo popeza Disembala ndi mwezi wotentha, pamene palibe furiji zidyedwe tsiku lomwelo.

Mawu athu otsiriza apite kwa achinyamata ndi abambo. Kawirikawiri pa tsikuli amayi amadzuka mbandakucha, nathamangira kumapemphero atatopa, ndipo amadya pomaliza ena onse atakhuta. Mutu umodzi susenza denga. Mphika uwu uli ndi ntchito ya aliyense: anyamata athyole mango ndi kukoleza makala, atsikana asende ndi kudula, ang'onoang'ono asankhe mtedza ndi kufikisa buledi, abambo ayang'anire moto wa pa chivundikiro. Kudula ndi kukazinga mtedza kungachitike m'mawa tisanapite kutchalitchi, kuti pobwerako kutsale kuika pamoto kokha.

Pogawa, aliyense alandire mpunga, nthuli yake ya nkhuku, masamba, ndi masupuni awiri a zipatsozi pambali. Agogo apatsidwe poyamba, ndipo kambale kena kapite kwa mnansi amene chaka chino alibe womuphikira. Yesani, ndipo mutilembere kutiuza mmene banja lanu lachilandirira. Tikufunirani nonse Khirisimasi yamtendere ndi chaka chatsopano chopanda ngongole.