Ngalande za pansi pa mzinda wa Brighton: cidwi ca anthu casanduka mafunso

Mu mzinda wa Brighton, m'mphepete mwa nyanja ya mcere kumwera kwa England, alendo ambiri amene amakhala pa gombe kuothera dzuwa sadziwa kuti mamita pafupifupi 30 pansi pawo pali ngalande yaikulu moti galimoto ingathe kuyendamo. Eni mzinda amadziwa, ngakhale kuti amene anaionapo ndi maso ndi owerengeka. Kwa zaka zambiri nkhani ya ngalande za pansi pa mzindawu inali yocezerapo cabe. Koma m'zaka zaposacedwapa, pamene anthu a ku Britain akwiya ndi kutayira zonyansa za m'zimbudzi m'mitsinje ndi m'nyanja, cidwi cija casintha nkhope. Anthu sakufunsanso za kukongola kwa njerwa zokha. Akufuna kudziwa kumene madzi amapita mvula ikagwa yambiri.

Mzindawu, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 75 kucokera ku London, ndi wokonda nthano za njira zobisika. Mpaka lero pali ena amene amanena kuti Mfumu George IV inali ndi njira ya pansi pa nthaka yocokera ku nyumba yake ya Royal Pavilion kupita kwa mkazi amene inali kumukonda, Mayi Maria Fitzherbert. Njira ya pansi ilipodi, koma imapita ku khola la akavalo a mfumuyo, nyumba imene lero imachedwa Brighton Dome. Ngalande za madzi zilibe nthano yokoma ngati imeneyi, komabe ndizo zinapulumutsa mzindawu.

Brighton anachuka cifukwa ca madzi a m'nyanja. Mu 1750, dokotala wina, a Richard Russell, anafalitsa buku lonena kuti kusamba ndi kumwa madzi a mcere kumaciza matenda ena, ndipo anthu olemera anayamba kukhamukira kumeneko. Njanji yocokera ku London itafika mu 1841, anthu wamba nawonso anatsatira. Mudzi umene mu 1801 unali ndi anthu oposa pang'ono 7,000 unali ndi anthu oposa 65,000 pofika mu 1851. Koma zimbudzi zinali zakale zomwe zija, maenje okumbidwa kuseri kwa nyumba. Pansi pa Brighton pali mwala woyera wa coko umene umalowetsa madzi mosavuta, cotero zonyansa za m'maenjewo zinali kutsikira m'zitsime zimene anthu anali kumwa. Anthu a mu Lusaka, mzinda umene nawonso unamangidwa pa miyala yolowetsa madzi, sangavutike kumvetsa zimene zinatsatira. Mu 1849, a Edward Cresy, amene anatumidwa ndi bungwe la boma loona za umoyo, analemba lipoti losonyeza kuipa kwa ukhondo m'makwalala a anthu osauka a mzindawu.

Akuluakulu a mzinda anazengereza kwa zaka zambiri, makamaka cifukwa ca ndalama. Ngalande zoyamba zimene anamanga zinali kungotsanulira zonyansazo pa gombe lomwelo limene alendo anali kusambapo, cinthu cimene cinaopseza malonda a mahotela. Pamapeto pake anavomera mapulani a injiniya wodziwika, Sir John Hawkshaw. Kuyambira mu 1871 mpaka mu 1874, anamanga ngalande ya njerwa yotalika makilomita oposa 11, yoyenda motsatira gombe kucokera ku Hove mpaka ku Portobello, kum'mawa kwa mzinda. Nchito yake inali kulandira madzi a ngalande zing'onozing'ono zonse asanafike pa gombe ndi kukawataya kutali. Inadya ndalama zoposa mapaundi 100,000 a masiku amenewo. Zambiri mwa ngalande za nthawiyo zinaumbidwa ngati dzira, zopapatiza pansi ndi zotakata pamwamba, kuti ngakhale madzi atacepa aziyendabe mwamphamvu ndi kukokolola zinyalala. Ngalandezi zikugwirabe nchito patapita zaka 150.

Izi ndizo ngalande zimene anthu anazikonda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, kunali maulendo okaona pansi pa mzinda, ndipo kwa nthawi yaitali anali kukonzedwa ndi kampani ya madzi ya Southern Water m'miyezi yotentha, kuyambira mu Meyi mpaka mu Seputembala. Alendo anali kulowera pa khomo la nambala 260 pansi pa Palace Pier, mlatho wamasewera wolowa m'nyanja, atavala zisoti zolimba ndi magolovesi. Anali kuyenda mamita osakwana 400, kenaka n'kukwera makwerero ndi kutulukira pa cibowo ca m'munda wa maluwa wa Old Steine, pakati pa mzinda, anthu odutsa akuwayang'ana modabwa. Mvula ikaopseza, ulendo unali kulephereka, pakuti madzi m'ngalandemo amakwera mofulumira kwambiri.

Cifukwa cake n'cakuti mainjiniya a nthawi ya Mfumukazi Victoria anaphatikiza zinthu ziwiri mu njira imodzi: madzi a mvula ocokera pa madenga ndi m'misewu, ndi madzi oipa ocokera m'zimbudzi ndi m'makhichini. Tsiku louma palibe vuto. Koma Brighton ali m'munsi mwa mapiri a South Downs, ndipo zigwa zake zimatsetserekera pakati pa mzinda, kumene kale kunali kuyenda kamtsinje ka m'nyengo ya mvula kochedwa Wellesbourne. Mvula yamkuntho ikagwa, madzi amaculuka kuposa amene ngalande ingatenge. Kuti asabwerere m'nyumba za anthu, omangawo anasiya zipinda zazikulu zokhala ndi khoma lalifupi: madzi akakwera kuposa khomalo anali kusefukira mu njira ina yopita molunjika m'nyanja. Alendo a maulendo aja anali kuima m'cipinda coterocho akusirira luso la omanga njerwa, koma kwa zaka zoposa 100 cipindaco cinalinso khomo lotulutsira zonyansa zosasefedwa pafupi ndi pamene ana anali kusambira.

Ngalande yaikulu ya pansi pa gombe inamangidwa m'zaka za m'ma 1990 kuti itseke khomo limeneli. Makina oboola nthaka, a mtundu wofanana ndi amene anakumba njira ya sitima ya pansi pa nyanja pakati pa England ndi France, anatsitsidwa m'maenje akuya okumbidwa pa gombe, ndipo anaboola mwala wa coko pakati pa Hove ndi Black Rock, mtunda wa makilomita pafupifupi 5. M'mimba mwake ndi mamita 6. Itatha, inalengezedwa kuti ndiyo yaikulu koposa ya mtundu wake ku Ulaya. Maenje aja anavundikiridwa, miyala ya pa gombe inabwezeredwa, ndipo lero munthu woyenda pamwamba sangaone kanthu kupatula zivundikiro ndi tinyumba tocepa ta makina.

Pano ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Dzina lakuti ngalande limapatsa cithunzi ca madzi oyenda kupita kwina, koma iyi si njira yotayira madzi m'nyanja. Ndi nkhokwe. Madzi amene kale anali kusefukira ku gombe tsopano amagwera m'maenje akuya n'kukasungidwa pansi, mpaka malita 150 miliyoni. Mvula ikaleka, mapampu a ku Black Rock amawakweza n'kuwabwezera m'ngalande yakale kuti apitirize ulendo wawo. Ubwino wake ndi woonekeratu. Koma nkhokwe ili ndi malire, ndipo siyeretsa kanthu. Imangocedwetsa vuto kufikira pamene malo oyeretsera madzi angathe kulilandira.

Kwa zaka zambiri malo oyenera oterowo kunalibe. Madzi oipa a Brighton anali kungosefedwa pang'ono ku Portobello n'kuponyedwa m'nyanja kudzera m'paipi yaitali. Mapulani okulitsa malowo anakanidwa mu 2001, ndipo anthu a m'madera ena amene anasankhidwa nawonso anakana kuti zonyansa za mzinda waukulu zibwere pakhomo pawo. Mu Januwale 2007, khoti la bungwe la European Union linagamula kuti dziko la Britain laphwanya malamulo a kayeretsedwe ka madzi oipa m'malo 13, ndipo Brighton anali pa mndandandawo. Malo atsopano oyeretsera madzi ku Peacehaven, mbali ya nchito imene inadya mapaundi 300 miliyoni, anatsegulidwa mu 2013. Anamangidwa kuti aziyeretsa malita 95 miliyoni pa tsiku. Poyerekeza manambala awiriwa, nkhokwe ya pansi pa gombe ikadzaza imakhala ndi madzi ofanana ndi a tsiku limodzi ndi theka a dera lonselo.

Cikhulupiriro ca anthu pa kampani yosamalira zonsezi cinagwedezeka kwambiri mu Julayi 2021, pamene khoti la ku Canterbury linalamula Southern Water kulipira faindi ya mapaundi 90 miliyoni. Kampaniyo inavomera milandu yokhudza kutaya madzi oipa mosaloledwa maulendo 6,971 pakati pa 2010 ndi 2015, kucokera m'malo 17 a m'cigawo cake, ambiri mwa iwo ku Kent ndi ku Hampshire. Zaka ziwiri izi zisanacitike, bungwe loyang'anira makampani a madzi la Ofwat linali litapeza kuti kampaniyo inapereka malipoti osaona a mmene malo ake oyeretsera madzi anali kugwirira nchito. Kenaka mu Ogasiti 2022, mvula yamphamvu itagwa pambuyo pa cilala, zithunzi za madzi akuda akukhuthukira m'nyanja ku Seaford, tauni ya kum'mawa kwa Brighton, zinafalikira dziko lonse.

Mu mzinda umene uli ndi kalabu ya osambira m'nyanja yoyambira mu 1860, ndiponso umene cuma cake cimadalira alendo, nkhani yotere si ya mainjiniya okha. Osambira anazolowera kuyang'ana mapu a pa intaneti osonyeza kumene madzi oipa atulutsidwa asanalowe m'madzi. Pofika kumapeto kwa 2023, boma linalengeza kuti makomo onse osefukirako madzi mu England, oposa 14,000, aikidwa makina olembera nthawi imene atseguka. Caka comweco makinawo anasonyeza kuti makomowo anatulutsa madzi kwa maola 3.6 miliyoni. Makampani amayankha kuti ciwerengero cikuoneka cacikulu cifukwa kale sicinali kuyezedwa, ndiponso kuti 2023 cinali caka ca mvula yambiri. Zonsezi n'zoona. Koma makinawo amawerenga maola, osati malita, cotero funso lakuti ndi zonyansa zoculuka bwanji zimene zinalowa m'madzi silinayankhidwe mokwanira.

Ena amaona kuti yankho ndi kukumba nkhokwe zina. Mzinda wa London watenga njira imeneyi ndi ngalande ya Thames Tideway, yotalika makilomita 25, imene inalumikizidwa kwathunthu mu 2025 itadya mapaundi oposa 4 biliyoni. Ndalama zotere zimacokera m'matumba a ogwiritsa nchito madzi. Mu Disembala 2024, Ofwat inalola kuti mabilu a Southern Water akwere ndi 53 peresenti pa zaka zisanu, kukwera kwakukulu kuposa kwa kampani ina iriyonse ya madzi ndi zimbudzi mu England ndi Wales. Munthu amene akulipira zoculuka cotere ali ndi cifukwa comveka cofunira kudziwa kuti nkhokwe ya pansi pa gombe imadzaza kangati pa caka, ndipo imatenga masiku angati kuipungula.

Njira ina ndi kuletsa madzi a mvula kulowa m'ngalande poyamba pomwe: kusunga a pa madenga m'matanki, kusiya malo a udzu m'malo mwa simenti, ndi kukumba timaiwe toti madzi azilowa pansi pang'onopang'ono. Ndi njira yochipa poyerekeza ndi kuboola mwala, koma ku Brighton ili ndi msampha wake. Madzi akumwa a anthu pafupifupi 277,000 a mu Brighton ndi Hove amapopedwa kucokera mu mwala wa coko womwe uja umene unadetsedwa ndi zimbudzi za m'ma 1800. Madzi a m'misewu amanyamula mafuta a galimoto ndi fumbi la matayala, ndipo akalowetsedwa pansi osasefedwa, amatsikira kumene kuli zitsime za mzinda.