Maso Athu ndi Mawu a Khamu

M'chaka cha 1951, Solomon Asch, katswiri wa za khalidwe la anthu pagulu amene ankaphunzitsa pa Swarthmore College ku America, ankaitanira anyamata asanu ndi atatu m'chipinda, nawaonetsa mzere umodzi pa khadi lina ndi mizere itatu pa linzake, nawapempha kuti anene mokweza, wina pambuyo pa mnzake, kuti mwa itatuyo wolingana ndi woyamba uja ndi uti. Funsolo ngakhale mwana akanalikhoza. Koma asanu ndi awiri anali atapangana ndi Asch mseri kuti aziyankha zabodza, ndipo wotsalayo, wosadziwa kanthu, ankayankha chakumapeto, atamva kale pafupifupi anzake onse akutsutsa chimene maso ake ankaona. Mwa anthu anayi alionse oyesedwa motero, atatu anagonjera gulu kamodzi kapena koposa, chonsecho amene ankayankha paokha ankalakwa mayankho osakwana limodzi pa 100. Atafunsidwa pambuyo pake, ena anavomera kuti choona ankachidziwa, koma anaopa kuoneka achilendo.

Ndimakumbukira anyamata amenewa ndikamaona zochitika m'magulu athu a WhatsApp ndi Facebook. Usiku wina munthu aponya chithunzi cha mnyamata, nalemba kuti, "Wakuba uja ndi uyu, samalani!" Posakhalitsa wina ayankha kuti "Zoonadi," wina "Ameneyu ndi wozolowera," wina aika chala chovomereza, ndipo mayi wina amene akumudziwa mwanayo kuyambira ali wakhanda, amene akudziwanso kuti tsiku lonenedwalo anali kumudzi ku maliro, alemba mawu ake, nawayang'ana, nawafafaniza osatumiza. Pafoni msampha wake ndi woposa wa m'chipinda cha Asch, pakuti ovomereza amaoneka ndi kuwerengeka, pamene okayika, angakhale achuluke chotani, amangoti zii, aliyense nayesa kuti wokayika ndi iye yekha.

Zimenezi si zachibwana ayi. Pa 1 July 2018, m'mudzi wa Rainpada ku Maharashtra, m'dziko la India, khamu linapha amuna asanu powaganizira kuti ndi oba ana, mphekesera zake zitafala pa WhatsApp. Ndipo mwezi womwewo kampaniyo inakhazikitsa lamulo lakuti m'dzikomo uthenga usatumizidwe kopitirira malo asanu panthawi imodzi. Lamulolo n'labwino, koma silifika pamtima pa munthu. Pilato nayenso anadziwa kuti woimirira pamaso pake analibe mlandu, koma mfuu ya khamu inamlaka.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sindiwatsutsa; koma makolo omwewo pabwalo la milandu sankagamula nkhani asanamve mbali zonse, ndipo ngakhale wosauka ankapatsidwa mpata wolankhula nduna zili chete. Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti Asch anapezanso mbali imeneyi. Pamene anaika m'gulumo munthu mmodzi yekha wonena zoona, kugonja kuja kunatsika kwambiri, kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mmene kunalili. Ndiponso ngakhale wotsutsayo akapereka yankho lolakwika lakelake, bola losiyana ndi la gulu, woyesedwa uja ankalimbabe mtima kunena chimene waona. Choncho mayi uja sakufunika kukhala ndi umboni wonse kapena kugonjetsa aliyense pa mtsutso. Akangolemba mwaulemu kuti, "Pepani akuluakulu, kodi alipo pakati pathu amene anamuona ndi maso?" ena asanu kapena khumi amene anali chete aja adzayamba kulemba nawonso.