Land Rover Yakale Isanyozedwe Chifukwa cha Injini Yachilendo

Land Rover yoyamba idatuluka ku Solihull mu 1948. Thupi lake lidali la aluminiyamu chifukwa chitsulo chinkasowa nkhondo itatha. Masiku ano okonda magalimoto akale amafuna kuti chilichonse chikhale monga chidachokera ku fakitale, ndipo injini ikakhala ya kampani ina amatsitsa mtengo, amvekere galimotoyo si yeniyeni.

Muyeso umenewu suchitira chilungamo eni ake a ku Kuwadzana. Magalimoto otere adapirira zaka za mavuto a chuma, monga 2008, chifukwa amakaniko ankaikamo chimene chapezeka, kaya injini ya dizilo ya Nissan kapena ya Toyota. Ngakhale Santana, imene anthu a ku Harare amaidziwa ngati galimoto ya apolisi, idayamba kupangidwa ku Linares m'dziko la Spain mu 1958 ndi chilolezo cha Land Rover. Kodi nayonso ndi yabodza?

Chinyengo chenicheni ndi kufufuta nambala ya chasesi kapena kubisira wogula zimene zidasinthidwa. Mwini galimoto anene poyera zonse zimene adasintha, koma asalole kuigulitsa motchipa chifukwa cha zigamba zimene zidaisunga pamsewu.