Dandaulo lanu lilembedwe

Inu Amalawi okhala ku Arcadia ndi madera ozungulira mu Pretoria, tamverani.

Boma muli nalo pafupi kwambiri. Mukakweza maso paphiri paja mumaona Union Buildings, kumene kuli ofesi ya Pulezidenti wa dziko lino la South Africa. Mu 1956 amayi masauzande anakwera masitepe a pamenepo atanyamula makalata a madandaulo, kukana lamulo la mapasi. Analemba, nakapereka okha.

Lero madzi akasiya kutuluka, kapena getsi la mumsewu likazima sabata yathunthu, ambirife timangodandaulirana pa WhatsApp, nkhani n'kuthera pomwepo. Chonsecho wodi iliyonse ya khonsolo yathu ya Tshwane ili ndi khansala wake. Inde, mlendo savota. Koma khansalayo amatumikira aliyense wokhala m'wodi mwake, ndipo ndalama za madzi ndi magetsi nanunso mumalipira. Lembani dandaulo lanu, ndipo pemphani nambala yake. Nambalayo ndiyo mudzatchule pokafunsa kuti nkhani yafika pati. Akukhonsolo akangokhala chete, ipititseni ku ofesi ya Public Protector.

Nkhani ya pasipoti kapena yotumiza maliro kumudzi si ya khansala ayi. Imeneyo pitani nayo ku ofesi ya kazembe wa Malawi pa Government Avenue, mu Arcadia momwemo. Kaonekereni nokha, musadzere kwa madobadoba.

Ndibwereze: lembani dandaulo lanu, ndipo pemphani nambala yake.

Omvera anga, mawa m'mawa funsani dzina la khansala wa dera lanu, mulisunge m'foni.