Msilikali wolumala sadya nkhata za maluwa

Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa November, akuluakulu a boma amasonkhana pa zipilala za chikumbutso kukalemekeza ankhondo athu. Malipenga amalira, anthu amakhala chete mphindi ziwiri, nkhata za maluwa nkuyalidwa. Madala ochepa otsala amakhazikidwa kutsogolo, mamendulo ali mbuu pachifuwa. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, magalimoto a mbendera amaliyatsa liwiro, basi tidzaonananso chaka cha mawa.

Mwambowu ulibe choipa. Vuto ndi loti watizoloweretsa kuona msilikali wovulala ngati munthu wofunika kumumvera chisoni, pomwe iye ndi mwini ngongole amene dziko liyenera kumubweza. Chipukuta misozi cha msilikali amene walumala pa ntchito si mphatso ya bwana ayi. Ndi chake.

Chinyozochi chidayamba ndi atsamunda. Agogo athu a King's African Rifles adakamenya nkhondo ku Abyssinia, ku Madagascar mpaka ku Burma. Mu 2019 atolankhani a ku Britain adavumbula chikalata chosonyeza kuti nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene adagwira ntchito, pomwe munthu wakuda wa udindo womwewo ankapatsidwa masheleni atatu ndi theka. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma kalaliki wolemba malipiro ankasankha. Mu 2018 boma la Britain lidalengeza ndalama zokwana mapaundi 11.8 miliyoni zoti ankhondo akale a m'maiko a Commonwealth ndi amayi awo amasiye azidya kawiri patsiku. Kawiri patsiku, abale, patatha zaka 73!

Koma atsamunda adapita mu 1964, ndiye sitingamangoloza chala kutsidya kwa nyanja. Kuyambira mu 1987 boma lathu lomwe lidatumiza asilikali kukalondera njanji ya ku Nacala m'kati mwa nkhondo ya ku Mozambique, nthawi imene kufunsa za wovulala kudali kudziputira ngozi. Kuyambira mu 2013 anyamata athu akhala akumenya nkhondo kum'mawa kwa dziko la Congo pansi pa mbendera ya United Nations, limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Mu November 2018, kufupi ndi mzinda wa Beni, asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi adaphedwa. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo mu 2019 adalemekezedwa ndi mendulo ya ulemu waukulu ku New York. Dzina lake tikulidziwa. Nanga amene adabwerako amoyo koma mwendo, diso kapena makutu zitatsala m'nkhalango, akuwatchula ndani?

Tsono tamverani m'mene ndalama ya United Nations imayendera, poti safunsa adadya phula. Msilikali akafa kapena kulumala ali pa ntchito yosungitsa mtendere, bungweli limalipira chipukuta misozi. Mu 2018 lidakweza ndalama ya imfa kuchoka pa madola 70,000 a ku America kufika pa 77,000. Wolumala salandira yonseyo pokhapokha ulumali uli wa thupi lonse. Madokotala amayeza kuti thupi lataya mphamvu zochuluka bwanji zimene sizidzabwereranso, nkuziwerengera pa 100. Mwachitsanzo, akapeza kuti zatayika ndi 20 pa 100, ndalama yake ndi madola 15,400. Apa mwaona kuti cholembera cha dokotala ndicho chimagamula mlandu. Dokotala akalemba mothamanga, banja limaluza ndalama zimene likadamangira nyumba.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu: msilikali sangalembe yekha kalata ku New York. Ngozi ikachitika, akuluakulu a ntchitoyo m'dziko limene ali amatumiza chidziwitso chotchedwa NOTICAS. Kenaka boma la kwawo kwa msilikali ndilo limapereka pempho kudzera ku ofesi ya kazembe wake ku United Nations, ndipo ndalama ikatuluka imadzeranso m'manja mwa boma. Msonkhano waukulu wa bungweli udanena kuti pempho lizikonzedwa m'miyezi itatu likafika, komanso kuti ndalama yofika kwa mwiniwake isachepere pa imene boma lalandira. Ndiye ngati papita chaka kuli zii, funso loyamba ndi lakuti: kodi pempholo lidatumizidwa tsiku liti? Fayilo ikagona m'kabati kuno kwathu, miyezi itatu ija siyiyamba nkomwe kuwerengedwa.

Amakananso kulipira akaona kuti matendawo munthu adali nawo kale asadanyamuke, kapena kuti adavulala chifukwa chochita dala zosayenera. Ichi nchifukwa chake pepala la kuchipatala loyezedwa musadakwere ndege ndi chuma. Lisungeni. Sungani nambala yanu ya usilikali, tsiku ndi malo amene mudavulalira, maina a amene adaona, zithunzi za ekisire ndi kalata iliyonse ya dokotala. Kopeni mapepalawo, ena mupatse mayi a kunyumba kapena m'bale wodalirika, osapereka pepala lenileni kwa aliyense popanda kusainirana. Tikudziwa kuti m'bwalo la asilikali kudandaula kumaoneka ngati ulesi, ndipo mnyamata amalimba mtima nkumati ndi kabala chabe. Kabala komweko pakatha zaka khumi ndi msana wosawerama, ndipo popanda pepala palibe adzavomere kuti udathyokera ku Congo.

Palinso mabala osatuluka magazi. Bambo wabwera bwinobwino, koma sagona, amalumpha chitseko chikamenyetseka, wayamba kachasu ndi kumenya ana. Kumudzi timathamangira kunena kuti adamulodza kapena mizimu ya anthu amene adawapha ikumusautsa. Madokotala amaitcha nthendayi PTSD, ndipo United Nations imailandira ngati ulumali woyenera chipukuta misozi, bola dokotala wa matenda a maganizo atsimikize.

Makolo adati mlandu suola, koma uwu umaola. Afunseni ana athu amene adalowa usilikali wa ku Britain: kumeneko amene adavulala kuyambira pa 6 April 2005 amapatsidwa zaka zisanu ndi ziwiri kuti apemphe chipukuta misozi, ndipo akachedwa popanda chifukwa chimene lamulo limalola, chitseko chimatsekedwa. Komabe iwo malamulo awo adawayala poyera, aliyense atha kuwerenga pa intaneti.

Ife tikufuna zomwezo. Unduna wa za chitetezo ulembe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, pa pepala limodzi, zimene msilikali wovulala ayenera kulandira, ofesi yoti apiteko ndi masiku oti adikire yankho. Izi si zinsinsi za nkhondo. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu amene boma lamugamulira nkhani yokhudza ufulu wake apatsidwe zifukwa zolembedwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo ofesi ya Ombudsman ilipo yolandira madandaulo a amene akuzengerezedwa. Yunifomu simulanda munthu zimenezi, makamaka amene adaivula kale.

Aphungu a komiti ya za chitetezo ali ndi ntchito yapadera. Mu January 2025 asilikali athu atatu adaphedwa pomenyana ndi zigawenga za M23, ndipo mwezi wotsatira pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalamula kuti gululo likonzeke kubwerera. Amenewa adapita pansi pa SADC, osati United Nations, choncho madola 77,000 aja sawakhudza. Aphunguwa aitanitse nduna, ifotokoze m'Nyumba ya Malamulo kuti ovulala pa ulendo umenewo alipo angati, amalipira ndani, ndalama zingati, ndipo alandira kale ndi angati.