Phiri la Chambe Litiphunzitse Kupembedza

Amayi anzanga, ife a kuno ku Chambe tinalizolowera phiri mpaka sitikwezanso maso kuliyang'ana. Koma mlendo akafika pa Likhubula amayamba waima chilili, kukamwa kuli yasa. Nsonga ya Chambe imapitirira mamita 2,500, ndipo Sapitwa, mkulu wake, amafika mamita 3,002. Ngati cholengedwa chimasowetsa munthu chonena chotere, nanga Mwini wake amene anachilenga?

Kuzolowera komweku kwatilowerera ndi m'Nyumba ya Mulungu momwe. Timafika nyimbo yoyamba itatha. Pemphero lili m'kati, maso ali pa chitenje cha mnzathu, dzanja lili pa foni. Chikhalirecho apongozi akabwera kwathu timasesa pabwalo, timagwada popereka madzi, ndipo sitiwadula mawu. Kodi Mulungu wachepa kuposa apongozi?

Mose, pa chitsamba choyaka moto chija, anauzidwa kuti avule nsapato. Ife tivule mphwayi ndi miseche. Zovala za ana tichapiretu Loweruka, ndiwo tikonzeretu, kuti Lamulungu belu lizitipeza tili pakhomo la tchalitchi. Poimba, mtima ukhale pa tanthauzo la nyimboyo, tisapikisane mawu. Ku Mvano tikumbutsane zimenezi mwachikondi.

Namondwe wa Freddy atagumula mapiri m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, tonse tinagwada ndi misozi, popanda wotiuza. Tisadikirenso napolo kuti adzatikumbutse kuchepa kwathu. Ana athu akutiona, amayi. Mmene tigwadira ife ndi mmene adzagwadire iwo.