Apolisi amathamangira foni ya ndani?

Nkhani ya malamulo a pa intaneti ikabuka pa wailesi, oimba foni amagawikana pawiri nthawi yomweyo. Ena amati boma likhwimitse zinthu, anthu anyanya mwano pa Facebook, mabodza achuluka m'magulu a WhatsApp, ana asiya kuopa akulu. Ena amati boma lisayandikire n'komwe, chifukwa likangolowetsapo chala, mawa tidzadzuka pakamwa patatsekedwa monga zidalili mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Mbali zonse ziwiri ndimazimvetsa. Chondivuta n'chakuti mkanganowu umayenda ngati kuti kuno kulibe lamulo, ngati kuti tikuyamba kumene kuganizira nkhaniyi. Lamulo lilipo kuyambira 2016, ndipo lagwira ntchito zaka zokwanira kuti tione khalidwe lake. Khalidwe limenelo ndi lomwe likundisowetsa mtendere tsopano pamene AI, luso la makompyuta otsanzira nzeru za munthu, yafika m'mafoni mwathu.

Lamulo ndikunenali ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act. Muli zambiri zabwino m'menemo, zoteteza malonda a pa intaneti, zoletsa kuthyola makompyuta a eni, zoteteza ana. Koma gawo limene latchuka ndi la 87, lonena za mauthenga osowetsa anthu mtendere, lomwe chilango chake ndi K1 miliyoni komanso miyezi 12 kundende. Tsono taonani amene akhala akunjatidwa chifukwa cha zolemba. Mu 2019 mnyamata wina adagona m'chitokosi chifukwa cha chithunzi choseka mayi wa fuko wa nthawiyo. Boma lidasintha mu 2020, koma mchitidwe sudasinthe: mu May 2022 namwino wina adamangidwa chifukwa cha mawu amene adalemba pa gulu la WhatsApp onyoza mtsogoleri wa dziko. Mwezi wa April chaka chomwecho apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe, n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa yemwe adamupatsa chikalata cha boma chomwe adalembapo nkhani. Mu April 2024 mtolankhani wina, Macmillan Mhone, adamangidwa ku Blantyre n'kutengeredwa ku Lilongwe chifukwa cha nkhani yokhudza katangale. Pa milandu yotereyi galimoto imapezeka, mafuta amapezeka, ndipo munthu amapezedwa ngakhale akhale kutali chotani.

Tsopano pitani ku polisi komweko ndi dandaulo la mtundu wina. Palibe Mmalawi wokhala ndi foni amene sadalandirepo uthenga uja woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", kapena foni yochokera kwa munthu wodzitcha wa ku kampani ya mafoni, wonena kuti mwawina, kapena woti dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo koma muyambe mwatumiza kangachepe. Achinyamata a m'tauni amaseka n'kufufuta. Amene amagwa m'mbunamo ndi agogo akumudzi amene mwana wawo ali ku Joni, mayi wa geni ya tomato, mlimi amene wangogulitsa kumene soya wake, ejenti wa pa kona amene mpamba wake wonse uli m'foni. Mu 2018 tonse tidaima pamizere kulembetsa manambala athu ndi chiphaso cha unzika, atatiuza kuti umbava wotere utha. Sudathe. Apolisi eniake akhala akunena kuti gawo lalikulu la umbavawu limachokera m'kati mwa ndende ya Zomba. Munthu ali kale m'manja mwa boma, nambala ndi yolembetsedwa, ndalama zadutsa mu kampani yokhala ndi laisensi ya boma, komabe woberedwayo nthawi zambiri amangouzidwa kuti akadikire.

Chimodzimodzinso mtsikana amene chibwenzi chake chakale chamwaza zithunzi zake zachinsinsi. Anthu amagawana zithunzizo usiku wonse, ena n'kumafunsa poyera kuti "amene ali nazo anditumizire", ndipo kukacha wotukwanidwa ndi mtsikanayo. Pali ena amene adatsekeredwapo ngakhale kuti iwo ndi amene adalakwiridwa. Izi zimandipweteka kuposa mwano wina uliwonse umene nduna ingalandire, chifukwa nduna ili ndi maloya, ili ndi mneneri, ili ndi mwayi woyankha pa wailesi. Mtsikanayo amasiya sukulu kapena ntchito, ena amasamuka m'dera.

Mu January 2025, patatsala miyezi 8 kuti tivote pa 16 September, bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, lidalengeza kuti likufuna kugula makina olondoloza mabodza pa intaneti kuchokera ku kampani ya Hashcom ya ku Ghana, pa mtengo wa pafupifupi 1.5 miliyoni ya ndalama za ku America. Anthu adakwiya, ndipo mabungwe omenyera ufulu adadandaula. A MACRA adafotokoza kuti makinawo sawerenga mauthenga achinsinsi a munthu, amangoona zimene zikuyenda poyera. Mwina ndi zoona. Koma anthu sadakhulupirire, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa chikhulupiriro chimamangidwa ndi zimene waona. Chinanso chimene ambiri sadachizindikire n'chakuti lamulo loteteza zinsinsi zathu, Data Protection Act la 2024, lidapereka udindo woyang'anira chitetezo chimenecho kwa MACRA yomweyo. Bungwe lopereka malaisensi ku makampani a mafoni, lofuna makina oonera zokamba za anthu, ndi lomwenso tiyenera kukadandaulako zinsinsi zathu zikaululidwa, ndipo akuluakulu a bodi yake amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Ngakhale atakhala anthu oona mtima chotani, ntchito zimenezi siziyenera kukhala m'manja amodzi.

Mpumulo udachokera ku khoti. Mu July 2025 oweruza atatu a High Court, atakhala ngati bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, adagamula kuti gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu kukhale mlandu wa ndende, likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Mlanduwo udali wa Joshua Chisa Mbele, amene adamangidwa mu 2022 chifukwa cha zomwe adalemba pa Facebook zokhudza yemwe adali mkulu wa asilikali panthawiyo. Chigamulocho sichikuti munthu azinamizira anzake mmene wafunira. Woipitsidwa mbiri akhoza kusuma n'kulipidwa, monga amachitira wina aliyense. Chachotsedwa ndi mwayi woti wamphamvu atume apolisi kukamulipsirira mkwiyo wake. Koma zigawo za lamulo lija la 2016 sizidakhudzidwe ndi mlanduwo, ndipo mawu ake ndi otambalala moti wofuna kumanga mnzake akhoza kulowetsamo chilichonse.

Apa ndi pamene AI ikutipeza. Kuno ambiri sitilemba nkhani zazitali, timalankhula. Uthenga wa maliro, wa ndalama za fetereza, wa ndale, umayenda pa voice note, ndipo amene sadziwa kuwerenga amadalira mawuwo kotheratu, chifukwa liwu la mwana wako sungalisokoneze ndi la wina. Lero pali mapulogalamu amene amatha kutengera liwu la munthu atangomva kachidutswa kochepa ka zolankhula zake, n'kumulankhulitsa zimene sadanene. Ku Slovakia, patatsala masiku awiri kuti avote mu September 2023, kudamwazika mawu abodza a mtsogoleri wa chipani china, Michal Šimečka, akumveka ngati akukonza zobera chisankho. Adawatulutsa nthawi imene malamulo a kumeneko salola kukopa anthu, choncho mpata woyankha bwino udali wochepa. Mu January 2024 anthu a ku New Hampshire ku America adalandira mafoni a liwu lofanana ndi la Joe Biden lowauza kuti asakavote. Makinawa akuphunzira zilankhulo zambiri chaka ndi chaka, ndipo Chichewa sichidzatsala. Tsiku limene wakuba uja adzasiye kulemba "tumizani pa nambala iyi" n'kuyamba kuimba ndi liwu la mwana wanu akulira kuti wagwidwa ku Beitbridge, malangizo onse amene takhala tikupatsa makolo athu adzakhala opanda ntchito.

Sitiyenera kuuzidwa ndi wina kuti mphekesera imapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa idaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, popanda chithunzi ngakhale chimodzi chotsimikiza. Ganizirani mphekesera yomweyo itabwera ndi kanema wooneka weniweni. Palinso vuto lina limene limandiopsa mofanana: wandale akadzajambulidwa akupempha chiphuphu, adzangoti "imeneyo ndi AI", ndipo omutsatira adzavomera. Atolankhani ofufuza nkhani, amene ndi ochepa kale, ntchito yawo idzalemera kawiri.

Nanga eni masamba a mchezowa? Meta (eni ake a Facebook ndi WhatsApp), TikTok, Google ndi X amapeza phindu tikamakhala nthawi yaitali pa foni, ndipo chimene chimasunga munthu pa foni ndi mkwiyo ndi mantha. Yesani kudandaula za uthenga wa Chichewa kapena Chitumbuka woopseza munthu, kawirikawiri yankho limabwera loti palibe lamulo lathyoledwa, chifukwa makina awo samva mwambi kapena chining'a chimene ife tonse tamva. Ku Ethiopia, Pulofesa Meareg Amare adaphedwa pakhomo pake ku Bahir Dar mu November 2021, atanyozedwa ndi kuululidwa kumene amakhala pa Facebook. Mwana wake akuti adadandaula kangapo koma zolembazo sizidachotsedwe msanga, ndipo mu 2022 adakasumira Meta ku khoti la ku Nairobi. Ku Nairobi komweko achinyamata amene ankalembedwa ntchito yosefa zonyansa za pa Facebook adasumanso chifukwa cha mmene ankagwirira ntchito, ndipo magazini ya Time idaulula mu 2023 kuti ena amene ankayeretsa zophunzitsira ChatGPT ankalandira ndalama zosakwana madola awiri pa ola. Mu Africa muno makampaniwa amapezamo antchito otchipa ndi makasitomala, koma chisamaliro chimapita kwina.

Makampaniwa amamva akaopsezedwa ndi wamkulu mnzawo. Mayiko a European Union adakhazikitsa lamulo la AI limene lidayamba kugwira ntchito mu August 2024, lofuna kuti zithunzi ndi mawu opangidwa ndi makina zizidziwika kuti n'zopanga, ndipo chindapusa chake chikhoza kufika 7 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pachaka. Khoti la ku Brazil lidatseka X mu 2024 mpaka kampaniyo idasankha woiimira m'dzikomo n'kulipira chindapusa. Nigeria idalamula Meta kulipira madola 220 miliyoni chaka chomwecho. Malawi payekha sangaopseze aliyense, msika wathu ndi wochepa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kumva nduna yathu yoona zofalitsa nkhani ikukamba za AI ku SADC ndi ku African Union, yomwe idavomereza ndondomeko yake ya AI mu July 2024, m'malo mongochenjeza achinyamata athu pa msonkhano wa atolankhani.

Chimene sindikufuna n'chomwe aneba athu ndi mayiko ena a mu Africa adachita. Zambia idatseka WhatsApp ndi Facebook pa tsiku la chisankho, 12 August 2021, mpaka khoti lidalamula kuti atsegule. Mozambique idatsekereza intaneti ya m'mafoni ndi masamba a mchezo pa zionetsero za kumapeto kwa 2024. Uganda idazimitsa intaneti yonse mu January 2021. Kutseka kotere kumalanga wogulitsa zovala pa WhatsApp ndi wodwala wodikira ndalama za mankhwala, pomwe mphekesera imangosamukira pa msika ndi pa chigayo.

Aphungu akamadzakambirana lamulo lililonse latsopano la intaneti kapena la AI, ndikupempha kuti ayambire kwa woberedwa ndi wochititsidwa manyazi. Kampani ya mafoni ikakamizidwe kuimitsa ndalama zobedwa munthu akangodandaula, ndipo ikazengereza ibweze yokha. Kupanga chithunzi chamaliseche cha munthu ndi makina, kapena kutengera liwu lake pofuna kuba, kukhale mlandu wolembedwa momveka bwino. Foni ya mtolankhani kapena ya nzika ina iliyonse isatsegulidwe popanda chilolezo cha khoti, ndipo woteteza zinsinsi zathu akhale ndi ofesi yakeyake kunja kwa MACRA. Zigawo zimene zakhala zikumangitsa anthu chifukwa chonyoza akuluakulu zilembedwenso mothina.

Koma lamulo latsopano lisanabwere, pali chinthu chimodzi chosafuna ndalama zambiri. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za nkhanizi iitane apolisi ndi MACRA, abwere ndi kaundula wa milandu yonse ya pansi pa lamulo la 2016: ndi angati adamangidwa chifukwa cha mawu okhudza akuluakulu a boma, ndi angati adamangidwa chifukwa chobera anthu pa foni kapena kumwaza zithunzi za eni, ndi milandu ingati idafika pa chigamulo, ndipo ndi ndalama zingati zidabwerera kwa eni ake. Kaundulayo awerengedwe poyera, ndipo wailesi ziulutse m'Chichewa.